Maliro a Amayi Ali pa Kanema Lachinayi

Burbank, California
Lolemba, 14 Okutobala 1996

Okondedwa achemwali anga a Marit,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi ababa, ndiponso kuti bondo lanu lija lasiya kukulirani pokwera masitepe. Ine kuno ndilipo, koma thupi lokha. Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni ili pompano pambali panga. Ndaimba katatu sabata yathayi. Kawiri munayankha ndinu, ine n'kudula osanena kanthu. Kachitatu anayankha ababa, ndipo nditamva akuti, "Kwa a Brandvold kuno, ndani mnzanga?" ndinadulanso. Choncho ngati mwakhala mukutukwana chidakwa chimene chikumaimba n'kungopumira m'foni, chidakwacho ndine mlongo wanu, ndipo sindinalawe ndi dontho lomwe.

Khalani kaye pansi. Ndikudziwa kuti makalata mumawerenga choimirira pa sinki, dzanja lina lili m'madzi. Ndipo chonde iyi musawawerengere ababa mokweza monga muchitira ndi makalata ena. Ino ndi yanu nokha.

Lachinayi la sabata yamawa, pa 24, seveni koloko ya kwanuko, sewero lathu la banja logulitsa matayala lija lionetsa gawo limene ndalemba ine. Dzina langa lidzatuluka lokha, m'zilembo zikuluzikulu, koyamba m'zaka ziwiri. Gawolo, achemwali, ndi maliro a amayi. Sindikunena maliro ofanana nawo ayi. Ndi omwe aja a m'Malichi, a m'tchalitchi chathu cha ku Ostby, ndi mawu onse amene ababa ananena ataimirira kutsogolo. Mayina okha ndiwo tasintha.

Ndikukuonani mwaika kalatayi pa tebulo. Itoleninso, mundimvere mpaka kumapeto, kenako mundiweruze mmene mungafunire. Sindikudziyeretsa, ndikungofuna mudziwe mmene chitsiru chimafikira pamenepa.

Inu mumati ntchito yanga ndi yolipidwa chifukwa choseka. Ndinkakusiyani muziganiza choncho chifukwa zinkandikomera. Zoona zake, ndakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri m'tauni muno mtima uli m'mwamba. Ndinafika ndi sutikesi ya amayi ija yomangidwa ndi lamba, ndinayamba n'kulembera nthabwala anthu oseketsa m'mabala, kenako ndinalowa m'masewero a pa kanema. Ndalembera masewero asanu ndi awiri, asanu anafa ndikuona. Kuno munthu samuchotsa ntchito ndi mkangano. Amangosiya kukuyang'ana ukamalankhula, tsiku lina upeza pampando pako pakhala mnzako wa tsitsi lakuda bii, iwe n'kuona msana wa njira.

Timakhala anthu khumi ndi mmodzi m'chipinda chimodzi chopanda zenera, mozungulira tebulo, aliyense kuponya nthabwala zake. Lolemba lililonse azisudzo amabwera kudzawerenga mokweza zimene talemba, ndipo abwana athu, Mayi Pomeroy, amakhala ndi pensulo yofiira. Pamene anthu aseka amachonga. Pamene sanaseke amadula. Dzina la mwini nthabwala sililembedwa paliponse, koma m'chipindamo palibe wosadziwa kuti yafayo inali ya yani. Chibwerereni ku maliro, panadutsa miyezi inayi popanda nthabwala yanga ngakhale imodzi yopulumuka. Mutu unangouma gwa. Ndikatsegula pakamwa m'chipinda munkangoti zii, kenako wina n'kufunsa zoti tidya chiyani masana. Pali mnzathu wina dzina lake Tarnow, wa lilime ngati lumo, amene anayamba kunditchula kuti madala. "Madala, nthabwala imeneyo inali yabwino ndithu nthawi ya nkhondo." Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani.

Tili ndi mwambo wathu m'chipindamo. Mitu ikauma tonse, Mayi Pomeroy amaponya pensulo pa tebulo n'kunena kuti, "Zam'mutu zatha, tiyeni za kunyumba." Pamenepo timazungulira, aliyense kufotokoza chochititsa manyazi cha pa banja lake. Nkhani ikaseketsa, iwo amailemba pa khadi, amaimirira pa bolodi atagwira pini, n'kufunsa mwini nkhaniyo kuti, "Ndikhome?" Ukati ayi, khadi amaling'amba ndipo nkhaniyo siituluka m'chipindamo. Ukati inde, yakhala ya sewero, si yakonso. Theka la zimene mwakhala mukuseka Lachinayi lililonse ndi amalume ndi apongozi a anthu.

Linali Lachitatu lina masana m'Julayi, tebulo lili mbwee ndi timabokosi ta chakudya cha Chitchaina. Tarnow anafotokoza za azakhali ake amene anaba mphaka wa aneba n'kumupaka utoto kuti asadziwike. Anthu anaseka, khadi linakhomedwa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga madala? Kwanu kozizira kuja kumachitika kanthu, kapena mumangoyang'anizana mpaka kufa?"

Achemwali, ndinalibe kalikonse. Maso onse anali pa ine, ndipo ndinaona Mayi Pomeroy akuyang'ana wotchi. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Bambo anga anaiwala kuti ali pa maliro a mkazi wawo."

Mukuzidziwa, munalipo. Koma ndiloleni ndizinene mmene ndinazinenera, kuti muone kukula kwa mlandu. Ndinawauza kuti tchalitchi chake ndi chomwe ababa ndi amayi anakwatiriramo, kuti munali maluwa oyera, limba likulira, anthu atavala zapamwamba. Ndinati abusa atawaitana kuti anenepo mawu, ababa anaimirira mu suti yawo yotuwa ija, nkhope ili ngwee, n'kuti, "Abale anga, zikomo pobwera ku ukwati wathu ngakhale kunja kuli chipale chofewa chotere. Musadandaule, Solveig amachedwa nthawi zonse." Ndinaimirira n'kuwatsanzira mmene anayang'anira wotchi, mmene anakonzera tayi, mmene anatembenukira n'kufunsa kuti, "Abusa, mwamuonako mkwatibwi?" bokosi lili pambali pawo penipeni. Ndinatsanzira ndi mawu awo omwe, kakunjenjemera kaja. Ndili ndi luso lotsanzira ababa, mukudziwa, ndinkakuseketsani nalo tili ana.

Chipinda chinagwa ndi phwete. Wina anatsamwa ndi khofi. Tarnow anamenya tebulo n'kufuula kuti, "Agwire bokosilo! Aligwire n'kufunsa kuti mphatso yaikulu chonchi wabweretsa ndani!" Anthu anasekanso chikhakhali, ndipo ine, mwana wa Solveig, ndinaseka nawo mpaka nthiti kuwawa. Miyezi inayi ndisanamve anthu akuseka chifukwa cha ine. Kunali kukoma, achemwali. Ndikanama ndikanati sikunali kukoma.

Atafunsa kuti zinatha bwanji, ndinawauza za inu. Ndinati tchalitchi chonse chitagwidwa kakasi, abusa omwe atasowa chonena, achemwali anga anadzuka, anapita kutsogolo, anakoleka mkono wawo m'mkono wa ababa n'kuti, "Mkwatibwi wakonzeka, ababa. Tiyeni timuperekeze." Ndipo awiriwo anayenda pambuyo pa bokosi mpaka panja, ababa akugwedezera anthu mutu uku ndi uku. Mayi Pomeroy, munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale tsiku limene anasudzulidwa, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Analemba khadi, anaimirira pa bolodi.

Poyamba ndimafuna kukulemberani kuti khadilo anangolikhoma ndisanaganize bwino. Ndinalembadi choncho, pepalalo lili m'bini. Zoona n'zakuti anandifunsa kawiri.

"Ndikhome?"

"Khomani, abwana."

Sanakhome. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo akowo ali moyo?"

"Ali moyo," ndinatero, "koma sakumbuka kanthu."

"Ndikufunsanso, Lowell. Ndikhome?"

"Khomani."

Sakumbuka kanthu! Ndinanena ndi pakamwa pangapa, ndikudziwa bwino lomwe kuti ababa ali ndi masiku awo amene mutu umayera, pamene amakuuzani mtengo wa thirakitala imene anagula ine ndisanabadwe, ndi dzina la galu wa munthu amene anawagulitsayo. Ndinawaika m'manda ali moyo kuti ndikhalebe pa mpando wanga.

Gawolo ndinalilemba masiku anayi. Silinandivute n'komwe, ndipo ichi chimandiopsa mpaka lero. Lolemba lake azisudzo atawerenga, pensulo yofiira ija inagwira ntchito yochonga mpaka kubuntha. Tarnow anandimenya pamsana n'kuti, "Madala adzuka kwa akufa!" Akuluakulu a kanema amene amakhala kumbuyo ndi nkhope zokwinya anabwera kudzandigwira chanza.

Tsopano pali china chimene ndakhala ndikuchizungulira ngati galu pa mphasa. Chimenechi n'chokhudza inu.

M'sewero lathu, monga mudziwa, muli mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi. Ine ndinalemba zoona: wamkazi ndiye anadzuka kukagwira bambo ake mkono. Koma kuno kuli lamulo losalembedwa, loti mawu omaliza okoma amapita kwa mwini sewero, amene nkhope yake ili pa zikwangwani. Mwini sewero lathu ndi Holloran, uja amasewera ngati mwana wamwamuna, amene inu mumati ali ndi mano ambiri. Titangomaliza kuwerenga, anagogoda pepala ndi chala.

"Mawu awa a mkwatibwiwa, bwanji ali kwa mtsikana? Awa ndi anga."

Mayi Pomeroy anayang'ana ine. Likanakhala liwu limodzi lokha lochokera kwa mwini nkhani, akanandiikira kumbuyo, ndikudziwa. Ine ndinati, "Zingatheke."

"Nanga mtsikanayo azitani nthawi imeneyo?" wina anafunsa. "Sangangokhala phwii."

Ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti mutu ukugwirabe, ndinati, "Atole chikwama chake, anong'oneze woyandikana naye kuti, ine ndikakhala m'galimoto, n'kutuluka chozemba."

Anaseka. Anachonga.

Achemwali, inu ndi ine tikudziwa amene anakakhala m'galimoto tsiku limene lija. Ostby yense akudziwa. Pamene inu munkayenda ndi ababa pambuyo pa bokosi, ine ndinali nditatulukira khomo lam'mbali, ndili m'galimoto yobwereka, magalasi otseka, manja ali pa chiwongolero ngati ndikupita kwinakwake. Munachita kubwera kudzandigogodera kuti tizipita ku manda, ndipo simunandifunsepo chilichonse kufikira lero. Ndiye Lachinayi likubwerali dziko lonse lidzaona mwana wamwamuna akuchita zimene munachita inu, ndi mwana wamkazi akuchita zimene ndinachita ine, pamwamba pake patalembedwa dzina langa. Inu amene mwasambitsa, kumeta ndi kudyetsa ababa zaka zitatu, ine ndikungotumiza mapositikhadi a mitengo ya kanjedza.

Tinajambula Lachisanu lina m'Sepitembala, pamaso pa owonerera mazana awiri. Ndinaima kuseri kwa makamera. Mkulu amene amasewera ngati bamboyo atafunsa kuti, "Abusa, mwamuonako mkwatibwi?" kuseka kunatsika ngati matalala pa denga la khola lathu lija. Atagwira bokosi n'kufunsa za mphatso, mayi wina pa mzere wachitatu anachita kugwada. Pa mawu anu aja anthu analira, kenako anaimirira kuomba m'manja. Titamaliza, mkuluyo anandifunafuna, akadali ndi zodzoladzola za sewero kumaso, anandigwira manja onse awiri n'kuti, "Bambo ako anali munthu wabwino, mwana wanga." Anali! Sindinamukonze. Sabata yotsatira anandikweza, tsopano ndine mmodzi wa oyang'anira sewero, ndili ndi ofesi ya zenera ndi malo oimika galimoto olembedwa dzina langa. Ndinadzinamiza kuti Minnesota ndi kutali, kuti ababa adzakhala akuwodzera, kuti inu mudzakhala kukhitchini. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Kenako inafika kalata yanu ya pa 2 mwezi uno. Ili pano, yatsala pang'ono kung'ambika m'mapindo. Munalemba mongocheza, simunkadziwa kuti mukundibaya. Munati ababa masiku ena onse amawasokoneza, koma Lachinayi salisokoneza. Munati amayamba kukuvutitsani masana kuti muwamete, amavala tayi, hafu sikisi ali kale pampando, ndipo dzina langa likamadutsa pakati pa mayina ena amaliwerenga mokweza, "Lowell Brandvold!" n'kuitana cha kukhitchini kuti, "Solveig, bwera udzaone mwana wako." Zimenezo ndinazipirira. Chimene chinandigwetsa ndi ndime yomaliza ija, pamene munati tsiku lina mutu utayera anakufunsani kuti, "Marit, kodi tsiku lija ku tchalitchi ndinachita chinachake chochititsa manyazi? Anthu akundikomera mtima mopitirira muyeso." Ndipo inu munati, "Ayi ababa, munalankhula bwino kwambiri." Munandiuzanso kuti abusa, wometa tsitsi wa m'tauni uja, ndi amayi onse a kwaya anapangana kuti aliyense aziyankha chimodzimodzi.

Miyezi isanu ndi iwiri tauni yonse yawafunditsa ababa, anthu amene si abale awo n'komwe. Ine mwana wawo wobala ndikubwera kudzawavula pa kanema, atavala tayi, akudikira dzina langa.

Chiwerengereni kalatayo chakudya sichikutsika. Ndikamayendetsa galimoto kupita ku ntchito ndimaona chikwangwani cha sewero lathu, mano a Holloran ali mbee, ine n'kuyang'ana kumbali. M'chipinda muja akuti, "Bwana watsopano wayamba matama, saseka za anthu wamba." Ndikuopa, achemwali. Ndakhala wamantha moyo wanga wonse, koma awa ndi ena.

Lachisanu lapitali ndinalimba mtima n'kukalowa mu ofesi ya Mayi Pomeroy. Ndinawapeza akudya sangweji pamwamba pa mapepala.

"Abwana, gawo la maliro lija lisaonetsedwe."

Anapitiriza kutafuna. "Khala pansi usanagwe. Wayera ngati laimu."

Ndinawauza zonse, za tayi, za wometa, za funso la ababa. Anamvetsera osandidula, chimene sachita kawirikawiri. Kenako anapukuta zala.

"Unandiuza kuti sakumbuka kanthu."

"Ndinanama."

"Ndinakufunsa kawiri, Lowell. Ukudziwa chifukwa chake ndimafunsa? Ine ndinakhomapo khadi la mayi anga ndili mtsikana. Anamwalira tisakulankhulana." Anakankhira sangweji pambali. "Gawo lili kale m'manja mwa akuluakulu, alilengeza m'manyuzipepala, akuti ndi limene litibweretsere mphoto. Ngakhale nditagona pakhomo pawo sangalichotse. Madzi akatayika saoleka. Chimene ndingathe n'chimodzi. Dzina lako ndikhoza kulichotsa, pamwamba ndi pansi pomwe, tiikepo lopeka. Kwanuko ukanene kuti nkhani anakubera anzako, iwe unakana. Anthu amatero. Undiyankhe Lolemba m'mawa."

Ndisakunamizeni, ndinatuluka mu ofesimo mtima utapepuka. Loweruka lonse ndinakhala ndikukonza bodzalo, ndipo linali lokoma, paja kukonza mabodza okoma ndiyo ntchito yanga. Ndinapekanso ndi dzina loti aikepo. Ndinalemba kalata ina kwa inu, yodzaza ndi mkwiyo, yotukwana Tarnow kuti ndi wakuba. Mukanaikhulupirira, chifukwa inu mumandikhulupirira nthawi zonse, ngakhale pamene ndinati zenera la kusukulu linaswedwa ndi mbalame.

Koma Lamulungu, ndikumeta ndevu, ndinawaona ababa. Ndinawaona ali pampando paja, tayi ili pakhosi, mayina akudutsa limodzilimodzi, iwo atakonzeka kale pakamwa, dzina osatuluka. Ndinawamva akufunsa kuti, "Marit, mwana uja amuchotsa ntchito? Kapena wafa, mukundibisira?" Ndipo woyankha akanakhalanso inu, nokhanokha, ine ndili kuno ku dzuwa. Ndinazindikira kuti kuchotsa dzina n'kukakhalanso m'galimoto muja. Ndiye lero m'mawa ndawauza Mayi Pomeroy kuti dzina likhale. Anangoti, "Wasankha chowawa," n'kundipatsa tchuthi cha masiku asanu.

Musaganize kuti ndasanduka ngwazi.

Poyamba ndinkafuna kukupemphani kuti Lachinayilo muzule chingwe cha kanema, muwauze kuti yawonongeka. Sindikupemphanso zimenezo, ndiponso sindikuletsa. Nyumbayo ndi yanu, ababa mukuwadziwa ndinu, ndipo ine ndinataya kalekale ufulu wolamula kanthu pakhomopo. Mukazula, sindidzatsegula pakamwa. Kungoti ndikudziwa kuti Ostby yense adzaonera, ndipo Lachisanu m'mawa wina adzalephera kuugwira mtima pa positi ofesi. Chikatha chaka a kanema adzalibwerezanso gawolo. Mlandu suola.

Pempho langa ndi ili. Ndagula tikiti ya ndege, ndifika ku Minneapolis Lachitatu pa 23 masana, ndibwereka galimoto, ndikhala ndili pakhomo dzuwa lisanalowe. Ngati mwaganiza kuti kanema ayatsidwe, ndiloleni ndikhale ine pambali pa ababa. Akadzatembenuka n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu ndine?" woyankha ndikhale ine, osati inu. Ndidzawauza kuti inde, ndinu, ndipo amene anakuyalutsani ndine. Ndidzawauzanso kuti amene anakugwirani mkono tsiku lija si mwana wamwamuna ayi, ndi Marit. Zimenezi ndidzazinenanso pakhomo la tchalitchi Lamulungu, ngati abusa angandilole, ngakhale palibe amene sakuzidziwa. Ndikufuna azimve zikutuluka m'kamwa mwanga.

Mukudziwa chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni? Sindikudziwa choti ndipemphere. Ndikati ndipemphe kuti lidzakhale tsiku limene mutu wawo uli mu nkhungu, ndiye kuti ndidzakhala pambali pawo akuseka chikhakhali mkulu wopusa amene waiwala maliro a mkazi wake, mwina n'kundigunda ndi chigongono kuti, "Wazitenga kuti zimenezi, iwe?" Pamenepo ndidzadziwa kuti ababa athu anapita. Ndikati ndipemphe kuti mutu udzayere, ndiye kuti adzazindikira zonse, ukwati, bokosi, kukoma mtima kwa anthu, ndipo adzazimva kuchokera kwa mwana amene amamuvalira tayi. Ndayesa mapemphero onse awiri, onse akundikanika pakati. Ntchito yanga yonse ndakhala ndikupempha Mulungu kuti anthu aseke. Sindinaganizepo kuti ndidzaopa kuseka kwa munthu mmodzi chonchi.

Sindikutchulirani zoti chibale n'fupa, chifukwa ndikudziwa kuti mwambi umenewo amaukonda ndi olakwa. Ngati mwakwiya, kwiyani. Munditukwane, mwasunga zambiri, ndipo zina n'za kale kuposa Malichi. Mukafuna kuti ndikagone ku hotela ya pa mphambano ija, ndikagona. Chokhacho musandiyankhe ndi kukoma mtima kwanu kwa chete kuja, koti mumangondiikira mbale patsogolo osanena kanthu, chifukwa kumeneko ndiye kungandimalize.

Mundiperekere moni kwa abusa, ndipo ngati muona kuti n'koyenera, muwachenjeze, iwo ndi amayi a kwaya, kuti asadzadzidzimuke. Muwauze kuti bulangete limene anawafunditsa ababa ndaliona, ndipo ndikudziwa amene walichotsa. Mukapita ku manda Lamulungu, amayi musawauze kanthu, ndidzapita ndekha. Kwa ababa musapereke moni wanga, komanso musawauze kuti ndikubwera, angayambe kudikira pa zenera kuyambira lero. Ndawagulira tayi yabuluu. Sindikudziwa ngati ndidzakhale ndi nkhope yowapatsira.

Chomaliza, achemwali, ndipo ichi ndikupempha mwamanyazi. Lachitatu madzulo mukadzaona galimoto yachilendo yaima panja pa geti, injini yazima, koma munthu sakutuluka, musadikire kuti alimba mtima yekha. Ndikudzidziwa. Mudzabwere mudzagogode pa galasi monga munachitira tsiku lija. Ulendo uno ndidzatsegula, ndipo mukadzandipatsa mkono, ndidzalowa nanu.

Ndine mlongo wanu wamantha, amene amakukondani kuposa mmene wakusonyezerani,

Lowell